Kuchokera pa Wailesi ya Poto Kufika pa Memory Card: Mawu a M'thumba Mwathu Mwini Wake Ndani?

Mu 1949, m'masitolo a dziko lino, limene panthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia, munafika kanthu kobulungira, kopakidwa utoto wa buluu, kooneka ngati poto wophikira ndiwo amene wathyoka chogwirira. Azungu anakatcha Saucepan Special. Inali wailesi. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire lake mashiling'i 25, ndipo batire limodzi linkagwira ntchito maola pafupifupi 300. Mabowo ake anawatchinga ndi kaukonde kuti tizilombo tisalowemo. Kwa mphunzitsi wa ku Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, kapena kalaliki wa pa boma, kameneka ndiko kanali foni yamakono ya nthawiyo: kodula ndithu, koma kotheka kugula munthu akasunga ndalama miyezi ingapo.

Ife amene tinakulira pakati pa kaseti ndi WhatsApp timaganiza kuti mikangano ya masiku ano ndi yatsopano. Bundle yatha msanga. Nyimbo ya mnzathu yafalikira Chipata yonse iye osapeza ngakhale ngwee. Intaneti yatsekedwa tsiku la masankho. Kanema wa mwambo waikidwa pa TikTok eni ake osadziwa. Koma tikatsata zipangizo zimene zadutsa m'nyumba za ku Kapata, ku Mchini ndi m'midzi ya kwa Mpezeni, tipeza kuti chilichonse chinabwera ndi funso limodzimodzi. Chogwirika m'manjachi n'chathu, tinagula ndi ndalama zathu. Nanga mawu amene akutulukamo mwini wake ndani?

Wailesi ya boma, makutu a anthu

Wailesi ya ku Lusaka inayamba kuulutsa mawu mu 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pakati. Boma la atsamunda linkafuna kuti anthu, makamaka mabanja a asilikali, azimva za nkhondo kuchokera pakamwa pa boma lenilenilo. Koma kuulutsa n'kwina, kumvedwa n'kwina. Anthu akuda analibe mawailesi m'nyumba. Ankamvera pa boma, kwa mafumu ena kapena m'maholo a ku migodi, kumene wotsegula ndi wotseka anali munthu wina. Harry Franklin, amene ankayang'anira zofalitsa nkhani m'boma, anayendayenda ku Britain kufunafuna kampani yoti ipange wailesi yotchipa. Imene inavomera inali Ever Ready, kampani yopanga mabatire.

Sizovuta kuona chifukwa chake. Wailesi umagula kamodzi, koma batire umagula mpaka kalekale. Maola 300 akatha, bwererani kusitolo ndi mashiling'i ena 25. Aliyense amene anagulapo kafoni kotchipa, kenako n'kuwerengera ndalama zimene zapita pa talk time ndi ma bundle chaka chonse, akuidziwa bwino nzeru imeneyi. Ndi yakale kuposa makolo athu ambiri.

Mawailesi a poto anagulidwa masauzande ambiri. Wailesi ya ku Lusaka ija, imene inadzatchedwa Central African Broadcasting Station, inkalankhula kwa anthu akuda a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Boma linkafuna kuphunzitsa za ukhondo, za ulimi ndi za kumvera malamulo. Koma anthu mtima wawo unali pa pulogalamu ya Zimene Mwatifunsa, ya makalata opempha nyimbo ndi kupereka moni. Mnyamata wa ku Katete wogwira ntchito ku Walale kapena ku migodi ankalemba kalata kuti dzina lake limveke kumudzi, achibale adziwe kuti ali moyo ndipo sanasanduke mtchona. Chipangizo chimene boma linabweretsa kuti lizilankhula lokha, anthu anachisandutsa njira yolankhulirana okhaokha.

Mmodzi mwa aulutsi odziwika kwambiri anali Alick Nkhata. Anabadwa mu 1922, anapita kunkhondo ku Burma, ndipo atabwerako anagwira ntchito ndi Hugh Tracey yojambula nyimbo za makolo asanalowe pa wailesi. Iye ndi gulu lake ankaimba za moyo wa m'tauni, za mowa, za maukwati ndi za kusintha kwa makhalidwe, ndipo anthu ankamukonda. Koma cha mu 1953, pamene Azungu anakakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anthu anayamba kuikayikira wailesi chifukwa inali ya boma lomwelo limene linkawakakamiza. Kunafalikira mphekesera yakuti aulutsi ndi banyama, anthu ogwira anzawo usiku n'kuwapopa magazi. Peter Fraenkel, amene ankagwira ntchito pa wailesiyo, analemba za mantha amenewa m'buku lake la 1959 lotchedwa Wayaleshi.

Anthu akasiya kukhulupirira mwini nkhani, mphekesera ndiyo imakhala mfumu. Tinazionanso ndi maso athu kumayambiriro kwa 2020, pamene nkhani za anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku zinayenda pa WhatsApp mofulumira kuposa galimoto ya apolisi, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu okwiya. Chipangizo chinali china, koma bodza linayenda m'njira yomweija.

Mawu amene anapulumuka

Dziko litalandira ufulu mu 1964, wailesi inakhala ya boma la Zambia, ndipo Chinyanja chinali ndi maola ake. Funsani aliyense wa zaka 60 kapena kuposerapo kuno kum'mawa za Julius Chongo, muone mmene nkhope yake iwalire. Pa pulogalamu ya Poceza m'Madzulo, Chongo ankasimba nthano yekha pa maikolofoni, n'kumasintha mawu kukhala nkhalamba, mtsikana, mfumu kapena chilombo. Mudzi wonse unkazungulira wailesi imodzi ngati pamoto.

Koma mawu a pa wailesi amauluka. Ukawaphonya, wawaphonya. Nthano za Chongo tingathe kuziwerenga lero chifukwa Ernst Wendland, mphunzitsi wa ku sukulu ya abusa ya Lutheran ku Lusaka, anazisonkhanitsa ndi kuzilemba, ndipo mu 2004 zina zinasindikizidwa m'buku ndi UNZA Press. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula mu Northern Rhodesia ndi Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 nazonso zilipo, koma zimasungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa. Mdzukulu wofuna kumva kalimba ya agogo ake ayenera kugogoda khomo la kutali.

Apa pali mfundo imene idzativutitse m'nkhani yonseyi. Kukopa mawu a wina kungakhale kuba. Komanso zambiri zimene tili nazo za makolo athu zinapulumuka chifukwa wina anakopa. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo palibe imene imafafaniza inzake.

Nthawi ya marekodi

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mkuwa unali ndi mtengo, ndipo Zambia inali ndi malonda enieni a nyimbo. Ku Ndola kunali Teal Record Company, yodinda marekodi, komanso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, imene inkajambulitsa ndi kugulitsa nyimbo za magulu a kuno. Ku Livingstone fakitale ya ITT Supersonic inkalumikiza mawailesi. Pakati pa zaka zimenezo Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'Zambia. Linali lamulo la boma la chipani chimodzi, pa wailesi imene inalibe wopikisana nayo, ndipo womvera sanafunsidwe maganizo. Komabe linadzaza masitudiyo. Kunamveka WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, amene ankaimba rock m'Chinyanja cha m'komboni. Pambuyo pake kunabwera nyengo ya kalindula.

Rekodi inali ndi ubwino umodzi kwa woimba: sungaikope kunyumba. Ukaifuna, gula. Koma tisadzinamize kuti oimba onse a nthawi ya marekodi ankadya thukuta lawo. Mphamvu inali kwa mwini situdiyo ndi mwini fakitale. Chitsanzo chodziwika dziko lonse ndi cha Solomon Linda wa ku South Africa, amene anajambula nyimbo ya Mbube ku kampani ya Gallo mu 1939 n'kulandira tindalama tochepa. Nyimboyo inawoloka nyanja, inasinthidwa kukhala The Lion Sleeps Tonight, inapanga chuma chambiri, koma Linda anamwalira wosauka mu 1962. Ana ake anadzapeza chilungamo mu 2006, atapita kukhoti. Wakuba wamkulu wa nyimbo si nthawi zonse amakhala mnyamata wa pamsika. Nthawi zina amavala tayi ndipo amabwera ndi pepala loti usaine.

Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zogulira zopangira marekodi zinayamba kusowa. Nkhondo ya ku Rhodesia inabweretsa malamulo oletsa kuyenda usiku, magulu oimba n'kusowa kosangalatsira anthu. Nkhata anaphedwa mu October 1978, pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe kufupi ndi munda wake ku Mkushi. M'zaka za m'ma 1980 Edzi inatenga oimba ambiri. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Pofika nthawiyo rekodi inali itagonja kale kwa kanthu kena kapulasitiki kolowa m'thumba la shati.

Kaseti ndi bolopeni

Kampani ya Philips inatulutsa kaseti mu 1963, koma kuno inadzafala kwenikweni m'zaka za m'ma 1980. Kwa Chipata inabwera ndi chinthu chapadera. Tauni yathu ili pafupi ndi Lilongwe kuposa Lusaka, ndipo malire a Mwami ndi pakhomo pomwepa. Wailesi ya MBC inkamveka m'nyumba zambiri, choncho makutu a kum'mawa anazolowera kumvera mbali ziwiri. Makaseti a Alleluya Band ya ku Balaka, a Lucius Banda, kenako a Black Missionaries, ankawoloka malire m'zikwama za amalonda pamodzi ndi zitenje ndi shuga. Kumadzulo kunkachokera rumba ya ku Zaire, kumwera nyimbo za Oliver Mtukudzi, Leonard Dembo ndi Lucky Dube.

Amene tinaiona nthawiyo tili ana tikukumbukira mwambo wake. Kubweza kaseti ndi bolopeni kuti batire lisathe. Kuyanika mabatire padzuwa kuti aimbeko usiku umodzi wina. Kumata tepi yoduka ndi utoto wa zikhadabo. Ndiponso wailesi ya makomo awiri, imene inkakopa kaseti ya mnzako kuika m'kaseti yako yopanda kanthu.

Batani lofiira lija linasintha zinthu kuposa mmene timaganizira. Kwa nthawi yoyamba munthu wamba anatha kujambula. Kwaya ya pa parishi inajambula nyimbo zake popanda kupita ku Ndola. Mayi wosadziwa kulemba anatumiza mawu ake kwa mwana wake ku Kitwe. Mnyamata anadikira nyimbo yake pa wailesi chala chili pa batani. Mawu anasiya kukhala a boma ndi a kampani okha.

Koma batani lomwelo linabowola thumba la woimba. Kaseti imodzi yeniyeni inkabala ana khumi, ndipo amalonda ena ankakopa mazanamazana n'kumagulitsa pa mtengo wotsika. Mu 1994 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Copyright and Performance Rights Act, limene limateteza ntchito ya wolemba moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalira. Kunabadwanso bungwe la ZAMCOPS, lotolera ndalama kwa mawailesi, mabala ndi ena oimba nyimbo pagulu kuti lizigawira eni ake. Mu 1999 Chisha Folotiya anayambitsa Mondo Music ku Lusaka, ndipo mayina monga JK, Black Muntu, Shatel ndi Daddy Zemus anabwezeretsa nyimbo za kuno m'makutu a achinyamata. Koma CD inali yosavuta kukopa kuposa kaseti, ndipo makope ake sankatsika mawu. Boma linadzabweretsa kachidindo konyezimira ka hologram mu 2013 kuti chimbale chenicheni chizidziwika. Kanafika mochedwa: anthu anali atayamba kale kusiya CD, ndipo pa fayilo ya MP3 palibe pomata chidindo.

Wailesi ibwera kwathu

Chipani cha MMD chitalowa m'boma mu 1991, mlengalenga munatseguka pang'onopang'ono. Radio Maria inayamba kuulutsa ku Chipata mu 1999. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Mike Daka, mtolankhani wakale amene anatsogolerapo sukulu ya ZAMCOM, anakhazikitsa Breeze FM. Ku Lundazi kunabwera Radio Chikaya, ku Katete Mphangwe FM, ndipo Petauke nayo inapeza mawailesi ake. Kwa nthawi yoyamba chichokereni 1941, maikolofoni inali pamtunda woti mlimi angafikepo pa njinga.

Panthawi yomweyo mafoni a m'manja anafika. Zamcell inasanduka Celtel, kenako Zain, kenako Airtel mu 2010. Telecel inagulidwa ndi MTN mu 2005. Wailesi ndi foni zitakumana, Zimene Mwatifunsa inabadwanso mwa njira ina. Kalata imene inkayenda milungu iwiri inasanduka SMS, ndipo wopanda talk time ankangopeja. Gogo Breeze, mphunzitsi wopuma amene anasanduka agogo a chigawo chonse pa wailesi, ankawerenga madandaulo a anthu a kumidzi n'kupita kukafunsa kumaofesi. Ntchito yake inafika mpaka m'buku la Harri Englund, wa ku Cambridge, losindikizidwa mu 2018. Ife amene timadzipereka pa mawailesi a m'madera tinalowa m'nyumba yomangidwa ndi anthu otere, ndipo tikudziwa kuti mlimi wa fodya kapena wa thonje akaimba foni kudandaula za mtengo, amamvedwa ndi chigawo chonse nthawi yomweyo.

Memory card

Kenako kunabwera kakhadi kochepa ngati chikhadabo. Ku Kapata, ku Saturday Market ndi ku Down Shops kunatseguka timashopu ta kompyuta imodzi ndi sipika yaikulu pakhomo. Upereka makwacha ochepa, akudzazira nyimbo mazana: gospel, kalindula, za ku Malawi, za ku Nigeria, ulaliki, mafilimu omasuliridwa. Ukafika kunyumba, mnzako atenga pa Bluetooth, pambuyo pake pa SHAREit kapena Xender, osalipira kalikonse. Ngakhale wailesi inasintha maonekedwe: ya masiku ano ili ndi tochi, kasola pamwamba ndi kabowo ka flash.

Kwa womvera wa kumudzi kumene netiweki imagwira pachulu pokha, memory card ndiyo laibulale. Kwa mnyamata wa pakompyuta, ndiyo nsima yake. Kwa woimba, ndi nkhani ina. Walipira situdiyo, walipira woimba kiyibodi, nyimbo yamveka paukwati uliwonse kuyambira ku Chadiza mpaka ku Mfuwe, koma chimene wapeza ndi kutchuka basi. Ambiri anangovomera. Tsopano woimba wachinyamata amabwera yekha ku wailesi ndi flash, amatumiza yekha nyimbo m'magulu a WhatsApp, nthawi zina amalipira kuti iikidwe poti anthu aitenge ulere, akuyembekeza kuti ndalama idzabwera pa shoo, pa kampeni kapena pa malonda a kampani. Nyimbo yasanduka chikwangwani cholengeza woimba, sinalinso katundu wogulitsa.

Anzathu a ku Malawi anayesa njira ina. Lamulo lawo la 2016 linatsegula khomo loti pazipangizo zosungira nyimbo pakhale kamsonkho, ndipo bungwe la COSOMA limagawa ndalamazo kwa eni nyimbo. Nzeru yake ndi yakuti popeza kukopa sikungaletseke, woimba alandireko pamene chipangizo chokopera chikulowa m'dziko. Ndi nkhani yoyenera kuti oimba a kuno aziikambirana mokweza.

Ndani agwira switchi

Zambia inali pakati pa maiko oyamba mu Africa kulumikizidwa kwathunthu ku intaneti, kudzera mu ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia mu 1994. Sipanapite zaka ziwiri boma lisanayese kuitseka pakamwa. Mu February 1996 boma la Frederick Chiluba linaletsa kope nambala 401 la nyuzipepala ya The Post, la papepala ndi la pa intaneti lomwe. Panthawiyo anthu a intaneti m'dziko muno anali ochepa kwambiri, koma chitsanzo chinaikidwa.

Mu August 2018 boma linalengeza kuti likufuna 30 ngwee patsiku kwa oimba foni kudzera pa intaneti, monga pa WhatsApp. Amene analengeza anali Dora Siliya, nduna ya zofalitsa nkhani komanso phungu wa Petauke Central, ndipo anthu anakwiya kwambiri. Pa 12 August 2021, tsiku la masankho, WhatsApp, Facebook, Instagram ndi Twitter zinasiya kugwira ntchito, ndipo achinyamata ambiri anaphunzira mawu akuti VPN tsiku lomwelo. Bungwe la Chapter One Foundation linatengera ZICTA kukhoti lalikulu, khoti linalamula kuti intaneti itsegulidwe, ndipo mu March 2022 ZICTA inavomera pamaso pa khoti kuti sidzachitanso zopyola mphamvu zake ndipo idzafotokozera anthu pasanathe maola 36 ngati intaneti yasokonezeka.

Boma linasintha, koma mkangano sunathe. Mu December 2023 tinapeza lamulo la Access to Information, limene atolankhani analidikira zaka zoposa 20. Mu April 2025 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina malamulo awiri atsopano, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, olowa m'malo mwa lamulo la 2021. Boma likuti ndi oteteza anthu kwa akuba a pa foni ndi onyoza anzawo. Bungwe la maloya la LAZ ndi ena akuti akupereka mphamvu zambiri zomvetsera zokamba za anthu. Aliyense amene analandirapo uthenga wabodza wofuna ndalama za mobile money akudziwa kuti chitetezo n'chofunika. Koma mbiri ya 1953, ya 1996 ndi ya 2021 imatiphunzitsa kufunsa kuti woteteza uja iye akuyang'aniridwa ndi ndani.

Nyimbo zobwereka

Lero ambiri m'tauni timamvera pa Boomplay, imene imabwera kale m'mafoni a Tecno, itel ndi Infinix, pa YouTube, kapena pa Spotify, imene inafika m'Zambia mu 2021. Apa zinthu zatembenuka. Kaseti inali yako, ungaibwereketse, ungaisiyire mwana wako. Nyimbo ya mu app ndi yobwereka. Bundle ikatha, yatha. Kampani ikaichotsa, yapita. Tabwerera pafupi ndi pamene panali agogo athu pa bwalo la boma, pamene wotsegula ndi wotseka anali munthu wina, kungoti tsopano munthuyo ali kutsidya kwa nyanja ndipo sitikumudziwa nkhope.

Komabe njira yatsopanoyi ili ndi khomo limene memory card inalibe: imawerenga, ndipo imalipira amene dzina lake linalembedwa. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inafunafuna nyimbo za m'ma 1970 zija n'kuzitulutsanso, ndipo dziko linazidziwa ndi dzina lakuti Zamrock. Jagari Chanda wa WITCH anabwerera pa siteji atakalamba, n'kuimba ku Ulaya ndi ku America. Mu 2024 Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family n'kuchiika mu nyimbo yake ya Noid, ndipo achinyamata mamiliyoni anamva Chinyanja cha Paul Ngozi patapita zaka 35 chimwalirireni. Zimenezi zinatheka chifukwa marekodi ena anasungidwa ndipo mwini nyimbo ankadziwika. Woimba wa ku Nabvutika amene lero akutumiza fayilo yopanda dzina, yongolembedwa kuti track 1, akudzitsekera yekha khomo limenelo.

Pali mawu ena amene mwini wake si munthu mmodzi. Pa Nc'wala ku Mtenguleni mu February ndi pa Kulamba ku Mkaika mu August, mafoni amakwezedwa m'mwamba ngati mikondo. Zambiri zimene amajambula n'zoyenera kuonedwa ndi dziko, ndipo wachibale wa ku Johannesburg amasangalala kuona ingoma pa foni yake. Koma Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, ali ndi za pabwalo ndi za kudambwe. Chinamwali chili ndi za m'nyumba. Maliro ali ndi misozi imene si ya pa status. Lamulo la 2016 loteteza nzeru za makolo ndi miyambo lilipo, koma palibe wapolisi amene angaime pambali pa foni iliyonse. Atsamunda ankajambula osafunsa chifukwa anali ndi mphamvu. Tsopano kamera ili m'manja mwathu, ndipo mphamvu yomweyo ili ndi ife.

Zimene tingatolepo

Zaka zoposa 75 zapita chifikireni wailesi ya poto. M'zaka zonsezi palibe chipangizo chimene chinabwera chifukwa chotikonda: china chinabwera kudzagulitsa mabatire, china kudzalankhulira boma, china kudzagulitsa bundle. Ndipo palibenso chimene anthu a kuno anachisiya mmene chinabwerera. Anachipinda kuti chipereke moni, chiimbe kwaya, chidandaule za mtengo wa fetereza.

Gawo lathu ndi laling'ono koma lilipo. Woimba alembe dzina lake ndi la wopanga beat pa fayilo iliyonse, alembetse nyimbo ku ZAMCOPS, ndipo asasaine pepala limene sanaliwerenge. Womvera amene wavina nyimbo chaka chonse alipire pakhomo la shoo osapempha za ulere. Uthenga woopsa ukafika pa gulu, tifunse kumene wachokera chala chisanadine. Tisanajambule munthu, mwambo kapena maliro, tipemphe kwa eni ake.

Ndipo tijambule zimene zikupita. M'mudzi uliwonse muli agogo odziwa nthano, nyimbo za pamtondo ndi mayina a makolo amene palibe app imene ili nawo. Foni imene ili m'thumba mwanu imajambula bwino kuposa makina onse amene Hugh Tracey ankanyamula pa galimoto. Pemphani, jambulani, lembani dzina lawo, mudzi ndi tsiku. Kenako sungani makope awiri, limodzi lisakhale pa foni, pakuti foni imagwa m'madzi ndipo imabedwa. Mdzukulu wanu asadzachite kugogoda ku South Africa kuti amve mawu a kwawo.